Mmene mungaperekere zikalata zoimira pa chisankho osabwezedwa pakhomo

Ambiri tikumukumbukira Ras Chikomeni Chirwa. Mu Febuluwale 2019 anafika ku holo ya COMESA mu mzinda wa Blantyre atanyamula zikalata zake, akufuna mpando wa pulezidenti. Pa Facebook ena anamukonda, ena anamuseka, koma bungwe loyendetsa zisankho la MEC silinayang'ane kutchuka kwake. Linafuna umboni woti walipira K2 miliyoni, panalibe. Linawerenga masiginecha a anthu ovota ochokera m'maboma, sanakwane. Dzina lake silinafike pa pepala lovotera.

Nkhani yakeyo inamveka chifukwa mpandowo unali waukulu. Koma zoterezi zimagwera anthu ofuna uphungu ndi ukhansala chisankho chilichonse, mwakachetechete, kopanda mtolankhani wowajambula. Munthu wagula nsalu za kampeni, wakonzetsa mijigo, wagula mipira ya anyamata, wayenda m'maliro zaka zitatu, kenaka n'kugwa pa tebulo la kalaliki chifukwa cha pepala limodzi. Ine ndathandizapo anthu awiri kukonza zikalatazi, azakhali anga pa ukhansala ndi mnzanga wina pa uphungu, ndipo zomwe ndalemba panozi ndi zomwe ndikanakonda wina akanatiuza tisanayambe. Chisankho chachikulu chotsatira chili mu 2030, koma zisankho zapadera zimabwera nthawi ina iliyonse phungu kapena khansala akamwalira, akatula pansi udindo, kapena khoti likathetsa zotsatira.

Choyamba, tayani kalendala yakale

Ngati mlangizi wanu ndi munthu amene anaima mu 2014 kapena 2019, mumvereni pa nkhani ya kulankhula ndi mafumu, koma pa za masiku ndi mafomu musamudalire. Zambiri zinasintha.

Kale tinkavota mu Meyi: pa 19 Meyi 2009, pa 20 Meyi 2014, pa 21 Meyi 2019. Nyumba ya Malamulo inkatha mphamvu pa 20 Malichi ndipo zikalata zinkaperekedwa mu Febuluwale. Kenaka panabwera chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chomwe chinathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, tinavotanso pa 23 Juni 2020, ndipo aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti zisankho zonse zitatu zizichitika Lachiwiri la sabata yachitatu ya Sepitembala. N'chifukwa chake tinavota pa 16 Sepitembala 2025, Nyumba ya Malamulo itatha mphamvu pa 23 Julayi.

Malamulo a zisankho nawo analukidwanso. Poyamba panali lamulo la chisankho cha aphungu ndi pulezidenti palokha, la makhansala palokhanso. Tsopano onse ali m'buku limodzi la 2023, Presidential, Parliamentary and Local Government Elections Act. Malire anasinthanso: madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229, mawodi anachoka pa 462 kufika pa 509. Ndiye kuti mudzi womwe unali wanu mu 2019 ukhoza kukhala wa dera loyandikana nalo lero.

Ngakhale m'chaka cha chisankho chenichenicho zinthu zimasuntha. Mu 2025 MEC inasintha masiku olandirira zikalata, kuchoka kumayambiriro a Julayi kupita pa 24 mpaka 30 Julayi. Mu Ogasiti, kutatsala masabata ochepa kuti tivote, aphungu anaitanidwanso ku Lilongwe kukakonza lamulo lomwelo pa nkhani ya komwe ogwira ntchito ya chisankho angavotere. Choncho pezani kalendala ya MEC ya chisankho chomwe mukufuna kuimacho, ipachikeni pakhoma, ndipo muzimvera zidziwitso za bungweli pa wailesi sabata iliyonse. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda chidindo cha MEC musaukhulupirire.

Kusuntha kwa miyeziku kuli ndi ubwino wake. Kutolera masiginecha mu Januwale kunali kulimbana ndi matope, milatho yokokoloka, ndi anthu omwe ali kumunda kubandira, m'nyumba mulibe ufa. Mu Juni ndi Julayi misewu ndi youma, anthu akolola, fodya wagulitsidwa, ndipo mumawapeza pakhomo akusola chimanga. Kuipa kwake n'kwakuti mu 2025 kampeni inatsegulidwa pa 14 Julayi, zikalata zisanalandiridwe n'komwe. Anthu anali kale pa nsanja kulonjeza milatho pamene fomu ili m'chikwama yosadzazidwa. Malizani fomu kampeni isanayambe, chifukwa ikangoyamba simupezanso mpata wokhala pansi ndi cholembera.

Chachiwiri, dziyeseni nokha ndi gawo 51

Musanawononge tambala iliyonse, werengani gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino. Si lalitali. Limati wofuna uphungu akhale nzika ya Malawi, akhale atakwanitsa zaka 21 pa nthawi yopereka zikalata, azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba, ndipo akhale m'kaundula wa ovota. Onani mawu akuti pa nthawi yopereka zikalata. Ngati mukwanitsa zaka 21 mu Ogasiti pamene zikalata zatsekedwa mu Julayi, dikirani ulendo wina. Wofuna upulezidenti ndi wa gawo 80: zaka 35, nzika yobadwa kapena yochokera kwa makolo a ku Malawi, ndipo amatchula womutsatira wake popereka zikalata.

Pa Chingerezi, malamulo aakulu satchula digiri. Ambiri amapereka satifiketi ya MSCE ngati umboni. Ngati yanu inatayika, inanyowa kapena inadyedwa ndi chiswe, pitani ku MANEB chaka chisanafike, osati sabata yopereka zikalata. Ngati mulibe n'komwe, kafunseni ku ofesi ya MEC ya m'boma lanu kuti umboni wina womwe akulandira ndi uti. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Gawo lomwelo limatchulanso oletsedwa. Amene khoti linam'peza wolakwa m'zaka 7 zapitazo pa mlandu wokhudza chinyengo kapena khalidwe lonyansa, kapenanso wophwanya malamulo a zisankho. Amene khoti linagamula kuti walephera kubweza ngongole ndipo sanamasulidwe. Msilikali ndi wapolisi amene akadali pa ntchito. Amene analumbira kumvera dziko lina. Achibale athu a ku Johannesburg, ku London ndi ku America amene mukuganiza zobwerera kudzaima kumudzi, apa ndi panu. Dziko lino linalola kuti munthu akhale ndi unzika wa mayiko awiri, koma mawu a m'gawo 51 akadalipo, ndipo wopikisana nanu sadzachedwa kuwakumbukira. Kambiranani ndi loya musanagule tikiti.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi ntchito ya boma. Munthu amene ali pa udindo wa boma saloledwa kuima. Aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, akalaliki a ku khonsolo, anthu omwe mudzi umawadziwa ndi kuwakakamiza kuti aime, ndi omwewo amakodwa apa. Mu 2014 MEC inakana zikalata za a John Chisi, omwe ankafuna upulezidenti, ndi za a Jessie Kabwila, omwe ankafuna uphungu ku Salima, ponena kuti anali ogwira ntchito ku Yunivesite ya Malawi. Anapita kukhoti n'kubwezeretsedwa, ndipo mayi Kabwila anapambana mpandowo. Koma dzifunseni ngati muli ndi ndalama za loya ndi mtima wothera masabata a kampeni m'makhonde a khoti. Ngati mulibe, tulani pansi udindo msanga, ndipo chomwe muzisunga si kalata yomwe munalemba inu yokha, koma yankho la abwana lovomera, lokhala ndi deti ndi chidindo. Makalata a m'boma amayenda ngati nkhono, yambani miyezi ingapo nthawi isanakwane.

Chachitatu, chiphaso cha unzika ndi dzina lanu

Lamulo la 2023 linati polembetsa m'kaundula wa voti, umboni wake ndi chiphaso cha unzika chochokera ku bungwe lolembetsa nzika la NRB. Kalata ya amfumu, yomwe inkagwira ntchito kale, siikuthandizaninso pamenepa. Mu chisankho chapitachi kalembera anayamba mu Okutobala 2024, pafupifupi chaka chathunthu tsiku lovota lisanafike. Amene anaphonya kalembera anaphonya zonse, kuvota ndi kuima komwe.

Tsopano yalani pa tebulo mapepala anu onse: chiphaso cha unzika, kapepala ka kalembera wa voti, satifiketi ya sukulu. Werengani dzina pa lililonse, chilembo ndi chilembo. Azakhali anga ali ndi dzina la kwa bambo awo pa satifiketi, dzina la kwa amuna awo pa chiphaso, ndipo kumudzi konse amawadziwa ndi dzina la mfunda. Tinazindikira zimenezi kutatsala masiku atatu. Tinakwera kabaza m'mamawa kukafuna wolumbiritsa kuti atsimikize kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, tinapeza wapita kumaliro, tinabwerera mawa lake. Zinatheka, koma azakhaliwo anaonda m'masiku atatu amenewo. Amayi okwatiwa, komanso aliyense amene anabwereza sitandade 8 pa dzina la m'bale wake, konzani zimenezi pakadali nthawi.

Chachinayi, chipani kapena panokha

Mukaimira chipani, fomu yanu iyenera kusainidwa ndi munthu amene chipanicho chinam'patsa mphamvu yovomereza oimira. Si wapampando wa nthambi, si gavanala wa dera chifukwa choti mumamwera limodzi tiyi. Funsani ku likulu la chipani kuti dzina lomwe analipereka ku MEC ndi la ndani. Mu 2019 a Cassim Chilumpha, munthu amene anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko lino, anapereka zikalata zawo pansi pa Tikonze People's Movement n'kulandiridwa, koma mkangano wa m'chipanimo unafika kukhoti ndipo dzina lawo linachotsedwa. Ngati zinachitikira loya wodziwa malamulo ngati iwowo, ndiye inu ndi ine?

Vuto lenileni ndi zisankho zachipulula, zomwe chipani chimasankhira munthu wochiimira. Zipani zathu zimazichititsa mochedwa, zotsatira zimakanganidwa, ena amakatenga chiletso kukhoti, ndipo tsiku la MEC silidikira kuti mkangano uthe. Malangizo anga, omwe akuluakulu a zipani sangawakonde, ndi awa: ganizirani pasadakhale chomwe mudzachite akakuberani kapena mukagonja. Ngati yankho lili loti mudzaima panokha, konzekeranitu chizindikiro chanu ndi anthu okusainirani chipulula chisanachitike. Kuima pawekha si kutaya nthawi m'dziko muno. Mu 2014 aphungu 52 analowa m'Nyumba opanda chipani, mu 2019 anali 55, chiwerengero chofanana ndi cha MCP chaka chimenecho. Ngati yankho lili loti mudzathandiza wopambanayo, palibe vuto, bola mulidziwe mutu uli wozizira, osati usiku wa chipulula anyamata anu akuimba nyimbo zokwiya pakhomo.

Chizindikiro cha woima payekha chisafanane ndi cha chipani chilichonse kapena cha mnzanu wa m'dera lomwelo. Tambala wakuda, chimanga, manja ogwirana ndi loko wotsegula zili ndi eni ake. Sankhani chinthu chomwe agogo osawerenga angachizindikire pa pepala laling'ono m'chipinda chovotera, ndipo mukhale ndi china chapadera poopa kuti wina wakutsogolerani.

Chachisanu, ndalama

Mu 2025 wofuna upulezidenti analipira K10 miliyoni, kuchoka pa K2 miliyoni ya 2019. Pa uphungu abambo analipira K2.5 miliyoni, pamene mu 2019 inali K500,000. Pa ukhansala inali K200,000. Amayi, achinyamata ndi anthu aulumali ofuna uphungu kapena ukhansala analipira theka. Ndalamazi MEC imazilengeza chisankho chilichonse. Ine ndimaona kuti K2.5 miliyoni inatsekera kunja anthu abwino ambiri a kumudzi n'kusiya mpikisano kwa eni malole ndi makontirakitala, koma madandaulo angawa sangakulembetseni. Yambani kusunga.

Ndalamazi sizibwezedwa, ngakhale mukanidwe kapena musinthe maganizo. Mumakalipira ku banki yomwe MEC yatchula, mu akaunti yomwe MEC yatchula, osati m'manja mwa wogwira ntchito aliyense, kaya wavala yunifolomu yotani. Pa kapepala ka ku banki lembani dzina lanu monga liliri pa chiphaso, ngakhale wolipirayo ali mlamu wanu. Mukatuluka, kachititseni fotokope katatu ndi kukajambula pa foni, chifukwa inki ya timapepala timeneti imafufutika tikakhala m'thumba la malaya masiku awiri. Ndipo musakalipire tsiku lomaliza: netiweki ya banki imadziwa kugwa pa nthawi yomwe mukuifunitsitsa.

Chachisanu ndi chimodzi, masiginecha

Apa ndi pomwe ntchito yagona, ndipo ndi pomwe anthu amapachita mwachibwana chifukwa pamaoneka pophweka.

Fomu imafuna anthu olembetsa m'kaundula kuti akusainireni, aliyense ndi dzina, nambala yake ya kalembera ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Lamulo lakale linkafuna anthu 10 a m'dera kwa wofuna uphungu, ndi 10 m'boma lililonse kwa wofuna upulezidenti. Chiwerengero chimenecho chichotseni m'mutu. Tsatirani chomwe chalembedwa pa fomu yomwe mwapatsidwa chaka chimenecho ndi m'chidziwitso cha MEC, ndipo ngati pali malo, onjezerani anthu angapo kuti wina akachotsedwa musaperewere.

Wokusainirani akhale wolembetsa m'dera kapena mu wodi yomwe mukuimayo. Kukhala kumeneko sikokwanira. Mnzanga wa uphungu uja anasainiridwa ndi mkulu wina wa mpingo, munthu wolemekezeka amene wakhala pa msika wa m'deralo zaka zambiri. Titayang'ana kapepala kake tinapeza kuti analembetsa pa sukulu ya kutsidya kwa mtsinje, yomwe malire atsopano anaiika m'dera lina.

"Abusa, pepani, dzina lanu tilichotsa."

"Iwe mwana, ine ndinabatiza theka la anthu a kuno. Ukuti sindine wa kuno?"

"Ndinu a kuno ndithu, abusa. Koma voti yanu ili kutsidya."

Anakhumudwa mpaka sabata yotsatira. Tikanapanda kuona, akanatichotsera ndi a MEC, pa tsiku lomwe sitikanatha kupeza wina.

Mmene ine ndimachitira ndi motere. Musatumize fomu yeniyeni kuti izizungulira m'midzi pa njinga. Imabwera itapindika, itathimbirira ndi mafuta a mandasi, ina itasainidwa ndi munthu mmodzi m'malo mwa anthu asanu chifukwa mnyamata wanu anatopa. Tengani kope la sukulu. Lembanimo mayina a omwe avomera, malo omwe analembetsera ndi nambala zawo, mukukopera kuchokera pa kapepala kawo kali m'manja mwanu, osati zomwe akukuuzani pakamwa. Fananizani malowo ndi mndandanda wa malo ovotera a m'dera lanu. Mukatsimikiza, aitaneni pamalo amodzi tsiku limodzi, munthu mmodzi wolemba bwino adzaze mayina ndi manambala, eni ake angosaina. Gulani kabokosi ka inki ka chidindo cha chala, musadalire kupaka bolopeni pa chala chachikulu. Nambala ikalakwika musafute ndi Tippex. Dziko lino linathetsa chisankho chathunthu cha pulezidenti nkhani ya Tippex ili pakamwa pa aliyense, ndiye musayembekeze kuti kalaliki aimwetulira pa fomu yanu. Funsani mmene akufunira kuti cholakwika chikonzedwe, kapena pemphani tsamba lina.

Mufunseni aliyense ngati wasainira kale munthu wina wofuna mpando womwewo. Kumudzi anthu sakana mlendo, amasainira aliyense wobwera ndi moni wabwino. Woteroyo m'thokozeni n'kufuna wina.

Za kuwapatsa kenakake: lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo chilango chake chimafika K10 miliyoni kapena zaka 5 kundende. Ndikudziwa kuti ambiri amaliphwanya masana dzuwa likuswa mtengo. Koma inu amene mukungoyamba kumene, mulibe loya wa chipani kumbuyo kwanu, musapatse adani anu chithunzi cha pa foni mukugawa ma K2,000 pa mzere wa osaina.

Chachisanu ndi chiwiri, lumbiro ndi zithunzi

M'fomumo muli tsamba lomwe mumalumbira kuti zonse mwalembazo n'zoona ndipo palibe chokuletsani kuima. Limasainidwa pamaso pa majisitireti kapena loya wokhala ndi mphamvu yolumbiritsa. Musasainiretu kunyumba. Pitani nalo losasaina, ndi chiphaso chanu, ndipo onetsetsani kuti adinda chidindo ndi kulemba deti. Kunama pa tsamba limeneli ndi mlandu pawokha.

Chithunzi chomwe mupereke ndi chomwe chidzakhale pa pepala lovotera. Tsatirani kukula komwe MEC yanena, ndipo jambulitsani nkhope yomwe anthu amaidziwa. Ngati kumudzi amakuonani ndi duku tsiku lililonse, musakavale wigi ya ku ukwati. Sankhaninso munthu wokhulupirika wokuimirirani pa nkhani za chisankho, amene foni yake siikhala yozima, chifukwa MEC ikafuna kukuuzani kanthu mwachangu idzadzera kwa iyeyo kapena kwa inu.

Chachisanu ndi chitatu, kaonetseni tsiku lisanafike

MEC imapereka mpata woti mukaonetse zikalata zanu kuti aziunike tsiku lopereka lisanakwane. Ambiri saugwiritsa ntchito, ena chifukwa cha ulesi, ena poopa kuti opikisana nawo adziwa kuti akuima, ngati kuti mudzi wonse sukudziwa kale. Pitani. Mkulu woyang'anira chisankho m'dera lanu, amene a MEC amamutcha Constituency Returning Officer, adzayang'ana mayina a okusainirani m'kaundula ndi kukuuzani pomwe pali polakwika mukadali ndi masiku okonzera. Pa zonse ndalemba pano, ichi ndi chomwe chimapulumutsa anthu ambiri, ndipo n'chaulere.

Mukakonza zomwe wanena, chititsani fotokope fomu yonse, tsamba lililonse, n'kuisunga kunyumba ina osati kwanu.

Tsiku lopereka

Ofuna upulezidenti amakapereka kwa makomishonala a MEC pa tsiku ndi ola lomwe apatsidwa. Mu 2025 zinachitikira ku BICC ku Lilongwe pamaso pa wapampando wa bungweli, Justice Annabel Mtalimanja, ndipo pa pepala lovotera panafika mayina 17. Ofuna uphungu ndi ukhansala amakapereka kwa woyang'anira chisankho wa m'dera lawo, pamalo omwe alengezedwa. Dziwani malowo ndi maso anu tsiku lisanafike, chifukwa m'madera atsopano si nthawi zonse pamakhala pomwe munazolowera.

Pa masiku omwe aperekedwa, sankhani loyamba kapena lachiwiri. Pazisankho zapitazi MEC yakhala ikutseka 4 koloko masana, ndipo ikatseka yatseka. Mukapita tsiku loyamba n'kupezeka kuti siginecha imodzi yavuta, muli ndi mawa. Mukapita tsiku lomaliza 3 koloko, mulibe.

Gulu la ovina ndi oimba ndi labwino pa kampeni, koma lisanyamule zikalata, ndipo lisakuchedwetseni. Ndinaonapo munthu akufika mochedwa chifukwa lole ya omutsatira inatha mafuta panjira ndipo iye anakana kuwasiya. Envulopu ikhale m'manja mwanu, inu mutsogole, lole ibwere pambuyo. M'envulopumo mukhale fomu, kapepala ka ku banki kenikeni, chiphaso cha unzika, umboni wa kalembera, satifiketi yeniyeni ndi fotokope yake, kalata yovomera kutula pansi udindo ngati munali m'boma, zithunzi, ndi chizindikiro ngati mukuima panokha. Tenganinso anthu awiri kapena atatu olembetsa m'dera lanu omwe sanasainire aliyense, ali ndi timapepala tawo, akhale panja podikira. Wina akachotsedwa pa mndandanda, wolowa m'malo ali pomwepo.

Musachoke opanda umboni wolembedwa woti zikalata zanu zalandiridwa, wokhala ndi deti ndi nthawi. Kulandiridwa pa tebulo sikutanthauza kuti zatha: MEC imaunikanso, kenaka n'kutulutsa mndandanda wa ovomerezeka. Ukatuluka, onani kalembedwe ka dzina lanu, chipani ndi chizindikiro, ndipo ngati pali cholakwika nenani tsiku lomwelo mapepala ovotera asanapite kosindikiza.

Akakukanani

Musakangane ndi kalaliki, ndipo anyamata anu asagende galasi la ofesi. Pemphani kuti zifukwa zokukanirani akupatseni polemba. Ndi pepala limenelo lembani dandaulo ku MEC tsiku lomwelo, musunge kope lodindidwa kuti alandira. Gawo 76 la malamulo aakulu limapatsa MEC udindo womva madandaulo a zisankho, ndipo limakupatsani ufulu wokagwada ku bwalo lalikulu la milandu ngati simukukhutira ndi chigamulo chake. Ndi njira ya kukhoti yomweyi yomwe inabwezeretsa a Chisi ndi mayi Kabwila mu 2014. Imathanso kukutsutsani, monga zinachitikira a Bakili Muluzi mu 2009, pamene MEC inawakana chifukwa anali atalamulira kale matemu awiri ndipo khoti linagwirizana ndi MEC kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote.

Milandu ya zisankho ili ndi masiku owerengeka oikidwa ndi lamulo, ndipo mapepala ovotera akasindikizidwa nkhani yanu imalimba kwambiri. Choncho nambala ya loya mukhale nayo musanapite kukapereka zikalata, mutagwirizana kale za malipiro ake. Popita kwa iye tengani fotokope ya fomu ija munasunga kunyumba ina, kalata ya zifukwa zokukanirani, kapepala ka ku banki, ndi kope la sukulu lija muli mayina ndi manambala a okusainirani.